Supuni ya Magazi a NyaMsiska

Lachiwiri, 9 Epulo 2024

Amene anayamba kundiuza za kachirombo ka m'magazi ndi Khumbize, mayi wa ku Dowa amene amagwira ntchito ndi anthu a kafukufuku pachipatala pano. Ndayamba ndi dzina lake chifukwa asibweni anga, amene anandiphunzitsa kusimba nthano, ankati nkhani yosatchula mwini wake ndi mbuzi yakuba.

Ine ndine Hudson Kondowe wa ku Vinthukutu. Pensulo sindinaigwirepo chibadwire. Akulemba ndi a Reginald, kalaliki wa ku ofesi ya zaulimi, kwawo ku Ntcheu, amene agona bedi loyandikana ndi langa ndi bala la shuga kuphazi. Akuti tulo tawakwana, ndipo popeza ndikulongolola kale usana wonse, bola azilemba kusiyana n'kungovutika ndi makutu. Chitumbuka sachimva, ndiye ndikuyankhula Chichewa changa chokhotakhotachi, aziwongola okha.

Tinabwera dzulo pa ambulasi imodzi, ine ndi akazi anga Lois, aNyaMsiska. Tonse awiri malungo. Ine ndinali nditayamba kale LA kwathu koma ndinkangosanza, ndipo kuno apezanso chibayo. Iwo anabisa kudwala kwawo posamalira ine, mpaka anagwera pamphasa ya chinangwa chimene ankayanika.

Asanatilekanitse, iwo ku wodi ya amayi, ine kuno, Khumbize anagwada pambali pawo. Anapempha magazi okwana supuni imodzi jakisoni asanalowe. Anati si zokakamiza, alole kaya akane chithandizo n'chomwecho. Akufuna kachirombo ka malungo kali moyo, akakasunge ku Blantyre kumene amayeserako mankhwala atsopano. Anga sanawafune, akuti kachirombo kanga kalawa kale mankhwala.

Ine ndinayamba kuwakanira, monga mwamuna amachitira. ANyaMsiska anandigwira bondo kuti ndikhale chete. Tinali ndi mwana wamwamuna, Allan, amene anatisiya asanayambe sukulu, chaka cha chilala chija, anthu asanavote za matipate. Dzina lakelo salitchula kawirikawiri. Dzulo analitchula.

"Mwana wanga ndinamumwetsa kolokwini yense, osataya ndi piritsi limodzi lomwe. Anapitabe. Ndiye kuti kachiromboko kanali katachenjera kale?"

Khumbize anati sangalumbire za mwana amene sanamuone, koma zoona, zaka zimenezo kolokwini anali atayamba kugonja.

"Tengani," anatero aNyaMsiska. "Mukakafunse bwino."

Jakisoni wake dzina lake atesuneti, wolowera pa diripu. Tonse awiri talandira dzulo masana, dzulo madzulo ndi lero. A Reginald akuti tizilembanso manambala: magazi anga ali pa 9, a kunyumba pa 6. Mwana wathu Eunice ndiye gadiyani wa tonse awiri, akungothamanga pakati pa mawodi ndi beseni.

Lachitatu, 10 Epulo

Kuno tambala ndi wokolopa. Akangogunda ndowa, ndiye kwacha. Kenaka phala, kenaka madokotala kuzungulira ngati ogula ng'ombe pamsika, kukutembenuza chikope, kukudina pamimba. Mutu wapepukako. Kutsidya kwa kanjira kuli a Ambokile a ku Iponga, amene ng'ombe yapangolo inawathyola nthiti. Akazi awo anabweretsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, fungo wodi yonse. A Reginald analetsedwa zimenezo, ndiye anangotembenukira kukhoma n'kumatukwana shuga.

Khumbize anadutsa kudzandiona. Ndinamugwira chovala, ndikuti dzana unayankhula ndi akazi anga, lero undiuze ine, kodi kachiromboko mukakafunsa chiyani. Anakhala pamphepete pa bedi.

Akuti kakalowa m'thupi kamasankha kanyumba kamodzi kofiira ka m'magazi, kulowamo n'kutseka chitseko. M'menemo kamadya chofiiracho. Koma m'chofiiracho muli kachitsulo kachiphe, kamene iwo amati himu, ndipo kachirombo kakamadya, chiphecho chimatsalira m'nyumbamo. Ndinati ndiye n'chimodzimodzi chinangwa chowawa, chimene chimapha munthu ukachidya chosaviika. Ife timasenda, kuviika m'madzi mpaka chifewe, madzi n'kutenga kuwawa konse, ndiye kondowole uyo. Nanga iko kamaviika kuti?

Akuti apo ndiye pali nkhani. Kalibe dziwe, kalibe kotaya madzi, kadzitsekera. Ndiye kamatenga chiphecho n'kuchiumba kukhala timiyala takuda, kumaunjika pakona. Mwala suluma. Kamadya, kuumba, kudya, kuumba. Kolokwini ntchito yake inali kukhala pamwamba pa kamwala kakangoyamba kuumbika, kuti china chisamatirirepo. Chiphe n'kudzaza nyumba, kachirombo n'kufa ndi chakudya chake chomwe. Patapita zaka, kanaphunzira kuboola kakhomo kumbali n'kumamuponyera kunja kolokwiniyo asanakhale pansi.

Ndinafunsa ngati jakisoni tikulandirayu nayenso waponyedwa kunja. Anati ayi, kuno akugwirabe ntchito, koma kumaiko oyandikana nafe kayamba kuchedwa kufa, ndipo sunola mkondo mkango uli pakhomo. Chimene chikuwalimbitsa mtima n'choti kuumbako sikangakusiye. Bola kakudya magazi, kayenera kuumba. Ndiye akufunafuna mankhwala ena okagwira manja pomwepo, amene kakhomo kaja sikawadziwa.

Atapita ndinaisimbira wodi yonse, ndikuwonjezera zanga. Kachiromboko ndinakaveka chipewa, ndinakapatsa mkazi wolongolola ndi apongozi. A Ambokile anaseka mpaka kugwira nthiti n'kundipempha ndileke. A Reginald afunsa ngati timiyalato tili ndi msika, akuti mwina ndine mgodi ndagona pano.

Eunice akuti amake sanadye. Amwa tiyi pang'ono.

Lachinayi, 11 Epulo

Jakisoni wa malungo watha, andibwezera pa LA, anayi m'mawa anayi madzulo, kumwera mkaka. Wa chibayo akupitirira.

Kunabwera mlamu wanga Gregory kuchokera ku Mlare, mlongo wawo wa aNyaMsiska, wamng'ono, amene watsala yekha mwa amuna. Ananyamula mpunga ndi usipa. Anayamba waona alongo ake, ndipo pofika kuno nkhope inali itagwa kale. Eunice anali atamuuza za supuni ija.

Kuti a Reginald amvetse, ndawafotokozera za banja limeneli. Mkulu wawo woyamba anafera kumigodi ya ku Wanki. Anamuika konko, kuno kunangobwera sutukesi ndi nsapato. Amayi awo mpaka imfa yawo ankamulota akuyenda pamsewu wopanda nsapato, akufunsa njira ya kwawo. Kuyambira pamenepo, kwa a Msiska munthu sapita kumanda wopelewera. Akameta, tsitsi amakwirira. Akazi angawa mano awo onse amene anaguluka ali m'kabotolo ka mafuta odzola, pansi pa sutukesi, kudikira tsiku lawo. Ndinkawaseka, ndikuti kumwambako mukatafuna chiyani.

Gregory sanakhale pansi. Anati magazi a alongo ake atsika kufika pa 5 chifukwa anthu akuwapopa. Nesi amene ankasintha diripu ya a Ambokile anamuuza mofatsa kuti supuni imodzi siitsitsa magazi, ndi malungo amene akuswa. Iye sanamuyang'ane n'komwe.

"Alamu, munawapereka alongo anga muli maso."

"Anadzipereka okha. Ine ndinkakana."

"Munthu wotentha thupi amavomera chilichonse. Mukanawafunsa ngati ali Mzungu, akanati inde."

Anati magaziwo abwerere, alongo ake asakhale theka kuno theka ku Blantyre. Ndinati tidikire achire, adzanene okha. Anasiya mpunga pa loka n'kutuluka.

Mawu akewo andikhala pachifuwa. Lolemba lija thupi lawo linalidi moto. Kodi amene anayankha uja anali Lois kapena malungo?

Lachisanu, 12 Epulo

Chifuwa chandigwira, sindiyankhula zambiri.

ANyaMsiska awaika thumba limodzi la magazi. Mkodzo wawo akuti uli ngati tiyi wopanda mkaka, ndiponso ndi wochepa. Mapazi atupa. Eunice wagona chokhala, mutu pa bedi langa, supuni ili m'manja.

Mvula tsiku lonse. Chinangwa chija chinatsala pamphasa.

Loweruka, 13 Epulo

Ndinavutitsa anesi mpaka anandibwereka njinga ya odwala. Eunice anandikankha. Pa zaka zonse takhala limodzi, sitinatalikiranepo chonchi tili pamalo amodzi.

Ali pa bedi la pafupi ndi tebulo la anesi, timapaipi ta mpweya m'mphuno. Nkhope yatupa, makwinya onse afafanizika, akuoneka ngati mtsikana uja ndinamuona koyamba akuvina ndolo ku Mlare. Dokotala anandiuza ndili panjingapo. Akuti tizirombo sitikuonekanso m'magazi, mankhwala anagwira ntchito yake, koma impso zaima. Wakuba wafa, nyumba wasiya atagwetsa. Anaganiza zowatumiza ku Mzuzu, koma mmene alilimu sangapirire ulendo wokwera Chiweta. Ayesa mankhwala otulutsa madzi.

Eunice anapita kukataya beseni, tinatsala awiri. Maso anali poyera, anandizindikira. Choyamba anandikalipira kuti ndabwera ndi malaya osamanga mabatani pakati pa azimayi. Kenaka anafunsa ngati mbuzi zili ndi wozimasula. Thupi nditaligwira linali lozizira bwino, lopanda moto. Ndiye ndinawauza zonse za Gregory, osachotsapo.

Anatsinzina, ine n'kumayesa agona.

"Gregory ndinamubereka kumsana ine, mantha ake ndikuwadziwa. Mano aja mudzaike m'bokosi. Koma magaziwo ndinapereka. Kanadya mwana wanga, kandidya ine. Kapite nako kakatsekeredwe, anthu azikayang'ana."

Ndinafuna kuyankha, monga mwa chizolowezi changa. Anati, "A Kondowe, khalani chete kamodzi." Ndinakhala chete. Ndinawagwira phazi lotupalo mpaka Eunice anabwera.

A Reginald, mawu amenewo mwalemba mmene ndanenera? Werenganinso ndimve.

Lamulungu, 14 Epulo

Masana, amayi a mvano ali mkati moimba m'makonde, Eunice analowa wopanda beseni. Anaima kumapazi kwa bedi. Ndinadziwa kuti amake atisiya.

Lembani kuti Lois NyaMsiska, wa ku Mlare, wokwatiwa ku Vinthukutu. Basi.

Lolemba, 15 Epulo

M'mawa ndinati ndidzuke ndikaone za bokosi. Ndinaponda pansi, pansi n'kundithawa. Anandidzutsa a Ambokile ndi nthiti zawo zomwezo. Maso akuti achita chikasu. Ayeza, magazi anga agwa kufika pa 5. Dokotala akuti zimachitika kwa ena patapita sabata: tinyumba tija kachirombo kanagonamo timayamba kusweka tokha, ngakhale mwini wake anafa kale. Andiika thumba lero, mwina lina mawa. Za ulendo wa ku Vinthukutu akuti ndiiwale, pokhapokha ngati ndikufuna akumbe awiri.

Ndiye kuti akazi anga akaikidwa ine kulibe.

Gregory anabwera thumba lili pamtengo, magazi a munthu wosamudziwa akudontha kulowa mwa ine. Lero anakhala pansi. Maso ofiira, sanagone. Anayankhula motsitsa, ndipo kutsitsako kunandiopsa kuposa ukali wa Lachinayi. Anati akulu a kwa Msiska akumana. Maliro ndi a kwa Kondowe, ng'ombe tinapereka, sakutsutsa. Koma magazi aja akapanda kulowa m'bokosi, palibe wa kwa Msiska adzaponye dothi m'manda. Adzaima patali ngati alendo.

Ndinamuuza zimene alongo ake ananena Loweruka, liwu ndi liwu. Anafunsa amene analipo. Ndinati ine. Anacheukira Eunice, Eunice n'kunena kuti iye anali atapita kukataya madzi.

"Alamu," anatero Gregory, "inu ndimakudziwani. M'nthano zanu munaimika fisi pa guwa n'kumulalikitsa, anthu n'kulira misozi. Pakamwa panu akufa amayankhula chilichonse mwafuna."

Chinandilasa, ndipo pakamwa pomwepo panathamanga. Ndinati thumba lija anawaika Lachisanu ndi magazi a mwana wa eni, kodi tiwafinye tibweze, kapena abale ake adzabwere kudzafukula tsiku lake likadzakwana? Eunice analira mokweza. Gregory anaimirira n'kutuluka. Kupambana mkangano pamaliro n'kutola njoka.

Madzulo kunabwera Khumbize. Anayamba wagwada, kupepesa maliro monga mwa mwambo, kenaka ndiye ntchito. Anali atamva za mkanganowo. Magaziwo akuti ali m'kachubu, m'chigubu chozizira kwambiri chofuka nthunzi, kachirombo kali mtulo. Galimoto yopita nacho ku Blantyre inyamuka Lachitatu m'mawa. Wafunsa akuluakulu ake, ndipo alola: ine monga mwamuna wawo ndikanena, athiramo mankhwala ophera kachiromboko, amata kachubuko, kalowe m'bokosi.

"Agogo, ndisakunamizeni. Timachubu totere tili nato tambiri. Mwina aka kadzatiphunzitsa kanthu, mwina ayi. Mankhwala atsopano amatenga zaka, kapena inu ndi ine sitidzawaona. Mukati kabwerere, palibe adzakudandauleni."

Ndikanakonda akanandinamiza. Akanati popanda supuni imeneyi dziko litha, bwenzi zili zosavuta.

Atachoka, Eunice anagwada pansi penipeni, pasimenti. Anati adada, amama apita, inu mwagona apa, ine kumudzi ndikaima ndi ndani? Asibweni akaima patali, anthu adzanena mpaka ana anga adzakule. Kasupuni kamodzi. Anati akukhulupirira kuti amake ananenadi, koma amake sakumvanso kanthu, amene atsala ndi makutu ndi ife.

Mwanayu sanalakwe liwu ndi limodzi lomwe.

Lachiwiri, 16 Epulo

Thumba lachiwiri. Magazi pa 6 lisanalowe. Phala labwerera mmene linabwerera.

Ndinafunsa a Reginald kuti akanakhala iwo akanatani. Akuti iwo ndi kalaliki, amalemba za eni. Nditawaumiriza anati akanabweza, chifukwa wakufa sakwiya koma mlamu amakwiya zaka makumi awiri. A Ambokile akuti kwawo mawu a munthu womwalira salumphidwa, ngakhale akhale opusa. Anayamba kukangana okha, wina Chichewa wina Chinkhonde, ine mwini nkhani atandiiwala.

Ndinaitanitsa Khumbize, ndikuti ndisanayankhe ndikaone kaye. Ku labu sindingafike, ndiye anabwera ndi chithunzi pa foni, chimene anajambula pa makina oonera tizirombo tsiku tinafika. Anachikuza ndi zala. Tinyumba totuwa tozungulira, ndipo mkati mwa tina muli kanthu kofiirira kodzipinda. Pakati pa kanthuko, timadontho takuda, ngati fodya wamphuno wotayikira pansalu.

Timeneto ndiye timiyala. Ndinayang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera chilombo cha mano. Koma ndi kanthu kakhama, kosesa m'nyumba mwake, kounjika zinyalala pakona bwinobwino, mkati mwa akazi anga.

Gregory sananame za ine. Moyo wanga wonse palibe nkhani imene inalowa m'khutu langa n'kutuluka mmene inalowera. Asibweni anandiphunzitsa choncho, kuti nthano ndi ndiwo, wophika aliyense amathira mchere wake. Pamaliro, paukwati, popuntha mpunga, ndikakometsa kwambiri, aNyaMsiska ankangoti chapansipansi kuchokera kwa azimayi, sizinali choncho. Iwo mawu awo anali owerengeka, ndipo sankabwereza. Koma nkhani iyi anainena kawiri, Lolemba thupi lili moto, Loweruka thupi lili lozizira. Anandisiyira ine chifukwa panalibe wina. Ndikaisintha kuti ikomere anthu, wonena kuti sizinali choncho palibenso.

Ndinamuuza Khumbize kuti kachubuko kapite. Ndinangopempha chimodzi. Msewu wa ku Blantyre umadutsa kwathu. Pofika pa mphambano ya kumudzi, pamene pali mtengo wa mango ndi okonza njinga, galimoto ikaime pang'ono. Munthu sadutsa pakhomo pake ngati mlendo. Anati akamupempha dalaivala, ndipo iyenso akwera nawo.

Eunice ndinamuuza ndekha. Ndinamuuzanso za kabotolo ka mano pansi pa sutukesi. Anamvetsera, anati chabwino adada, ndi mawu aulemu amene amapatsa munthu wachilendo. Anapinda zitenje za amake, beseni, kapu. Anandisiyira sopo.

Masana anandikankhira pakhonde, mtengo wa diripu uli pambali. Lole inaima kumochale. Ndinaona bokosi likukwezedwa, azimayi akukwera ndi nyimbo. Gregory anakwera kumbuyo, anakhala kumutu kwa bokosi, dzanja lili pachivundikiro. Eunice atamunong'oneza, anayang'ana kumene ndinali, kenaka anayang'ana kumbali. Lole inatuluka pageti pang'onopang'ono. Ndinayesa kuimba nawo, mpweya unakana.

Lachitatu, 17 Epulo

M'mawa mwake, ndiye lero, galimoto yoyera inanyamuka wokolopa asanamalize wodi. Ndinangomva kulira kwake. Dzuwa litakwera, foni ya a Reginald inaitana. Anali Khumbize. Anaika poti tonse timve, ndipo ndinena mmene ananenera, osathira mchere.

Anaima pa mango paja, dalaivala anazimitsa injini. Nyimbo zinkamveka kuchokera kumudzi. Okonza njinga anavula zipewa, mmodzi anathamanga kukanena kusiwa. Anadikira. Dalaivala atayamba kuyang'ana wotchi, anaona bambo akubwera m'kanjira yekha, wapansi, dzanja limodzi atafumbata. Anali Gregory. Manda anali atakumbidwa kale m'mamawa, ndipo iye anatapa dothi pamulu wake.

Anafunsa kuti ali kuti. Khumbize anatsegula chitseko chakumbuyo n'kumuonetsa chigubu, chomangidwa ndi malamba. Anapempha kuti atsegule, iye anati sizingatheke, kutentha kukalowa zonse zawonongeka. Gregory anaima pamenepo. Anayankhula Chitumbuka, motsitsa, nthawi yaitali ndithu. Khumbize sanamve zambiri, anangotolapo dzina la Lois ndi la mkulu wawo uja wa ku Wanki. Kenaka anafumbatula dzanja, dothi lonse n'kulithira pachivundikiro cha chigubu.

Anapukuta dzanja pa thalauza. Anati kumanda saponyanso, dothi lake ndi limenelo. Anatinso akawauze a Kondowe kuti iye ndi iwo chilamu chatha, pakhomo pake ku Mlare asadzapondepo. Anatseka yekha chitseko cha galimoto n'kumenya kawiri kuti azipita.

Khumbize anati pepani agogo. Ndinafunsa za dothilo. Akuti dalaivala anatenga kansanza kuti apukute, iye anamuletsa. Pamene amaimba foniyo anali atayamba kukwera Chiweta, lili pomwepo.

Kumudzi akuika masana ano. A Reginald, tsekani peni. Ndikufuna ndikhale chete.